Bakuli la Esnart

LOLEMBA

Chala chaching'ono cha phazi lakumanzere sichinabwererebe. Ndikachitsina sichimva kanthu. Milungu iwiri tsopano.

Ndikulemba kuti ndisaiwale, chifukwa anthu ayamba kale kuichepetsa nkhaniyi. Anti Nabanda, eni nyumba ino, akuti ndinayenda "kamtunda pang'ono". Kamtunda! Kuchokera ku Braunstone mpaka kuno ku Highfields, mumzinda wathu uno wa Leicester, sinowo yofika m'akakolo, nsapato zansalu, foni itazima, mabasi atasiya kuyenda. Maola awiri. Woyenera kudzanditenga pa galimoto anali Esnart. Esnart yemweyu amene ndinkagona naye bedi limodzi ku hositelo tili fomu 2, matiresi ake atabedwa. Yemweyu amene ndinamulembera kalata yofunsira ntchito tikugwira limodziyi, yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Sanabwere. Ndinaima pa siteji mphindi 40 ngati chikwangwani, kenako ndinayamba wapansi.

M'mawa mwake: "Pepa mwali, ndinaiwala." Ndi bakuli la zitumbuwa.

Pepa. Zilembo zinayi. Zitumbuwazo ndinadya, koma ndinadya chiimire komanso nditakwiya, ndiye sizikuwerengedwa.

Mlungu watha ndikumva kwa Anti, osati kwa mwini wake, kuti Esnart wapeza ntchito ku Aberdeen, ku Scotland. Anyamuka Loweruka likubwerali. Ndinayang'ana pa mapu a m'foni. Ndinakwera, ndinakwera, dziko linatsala pang'ono kutha.

Izo sizikundikhudza. Apite. Nkhani yanga ndi ya sinowo basi.

Dzulo ndinakaonera filimu imene aliyense akuikambayi, imene akuti isesa mphoto Lamulungu likubwerali. Tinapangana kalekale kuti tidzaonera limodzi. Ndinapita ndekha, pa mpando wake ndinaikapo chikwama.

Ndi ya mlenje wina wa ndevu, kale kwambiri, kudziko la mapiri ndi sinowo, kopanda msewu, kopanda sitolo. Wathyoka mwendo powoloka mtsinje. Mnzake wodya naye mbale imodzi akumuvula chijasi, kutenga hatchi, n'kumusiya kuti afe. Koma safa. Akukwawa. Akutafuna makungwa. Akumanga mwendo ndi lamba wa thalauzi. Ola lathunthu osatulutsa mawu, kungopuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pa chitunda, maso ali kumene analowera mnzakeyo.

Azungu ondizungulira amabisa nkhope m'manja. Ine ndimangogwedeza mutu. Munthu ameneyu ndikumudziwa. Ndi ine, kusiyana ndevu zokha.

Mathero sindinawaone. Atangoona denga la kanyumba ka mdani wake patali, a ku ofesi anaimba kuti wina wadwala, ndikagwire shifiti yake. Palibe kanthu. Mathero ake ndi odziwikiratu.

Ndili ndi masiku asanu. Dongosolo:

1. Osamulankhula. Ngakhale moni.
2. Bakuli lake libwerere lopanda kanthu. Kwathu mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu, ukasowa umaikamo ngakhale mchere. Akadzalitsegula adzamva yekha.
3. Adikire pozizira mphindi 40, monga ndinadikirira ine.
4. Phwando lomutsanzika Lachisanu: sindipondako.

Mayi anga akanati ndikhululuke. Mayi anga sanapondepo sinowo.

LACHIWIRI

Rota ya mashifiti yatuluka. M'mawa uliwonse mlungu uno ndili ndi Esnart kwa agogo Doreen ku Braunstone. Agogowo sayenda, ndipo makina owanyamulira kuchoka pa bedi kupita pa mpando, lamulo lake ndi anthu awiri. Awiriwo ndi ife, chaka chachiwiri tsopano.

7 koloko, hutala panja. Ndikukwera kumbuyo, osati kutsogolo. Chizindikiro choyamba, Esnart amve yekha.

"Wachita bwino, kutsogoloku ndatayirako tiyi."

Njira yonse ndili duu. Iye pakamwa sipakutseka. Chipinda cha ku Aberdeen chili ndi hita yogwira ntchito. Kuli nyanja. Kuli mbalame zolanda anthu tchipisi m'manja. Galimoto wagulitsa kwa a Phiri a ku Zambia aja, adzaitenga Lachisanu, iye apita pa kochi, basi ya maulendo ataliatali. Pa maloboti akucheuka: "Iwe, kummero kwayambanso?" Akundiponyera paketi ya maswiti a chifuwa.

Ndadya awiri. Kummero kunalidi kukukanda.

Kwa agogo kwabuka vuto. Munthu sumutembenuza pa bedi mwakachetechete. Wina amagwira phewa, wina chiuno, ndipo wina ayenera kuwerenga kuti mukankhe pamodzi. Wowerenga ndimakhala ine, chifukwa Esnart amathamangira firii, chaka chatha anatsala pang'ono kuwagubuduzira pansi. Ndaima. Esnart akundiyang'ana. Agogo akundiyang'ana, tsaya lili pa pilo, akudikira.

"Wani, thuu, firii."

Ndaganizapo bwino, manambala si mawu.

Ndanenanso "lamba", "tsitsa", "thaulo" ndi "waponda waya". Izo ndi za ntchito. Wa ndevu uja naye nthawi zina amabuula.

Agogo Doreen amatitchula abakha. Kuno ku Leicester aliyense ndi bakha, ngakhale dalaivala wa basi, ngakhale dokotala. Lero ndikuwapesa akuti, "Abakha anga awiri, mmodzi akuuluka. Wotsalayu azikangana ndi ndani?" Chipeso chakoka mwamphamvu pang'ono. Ndapepesa. Iwo ndilibe nawo mlandu.

Madzulo uthenga: "Umwe mandimu ndi uchi, ugone msanga."

Tsiku lathunthu ndamumana mawu, iye akuti ndi chimfine.

Mfundo 1 sinayende. Koma sinafe. Ikukwawa.

LACHITATU

Lero ndi tsiku la bakuli.

Ndi la malata, loyera, la maluwa ofiira, chivindikiro chinapindika mbali imodzi. Mayi ake anamugulira ku Limbe tsiku loti mawa anyamuka, iye n'kubwera nalo m'chikwama cha m'manja ngati pasipoti. Zaka zitatu lakhala likuyenda pakati pa kwathu kuno ndi kwake ku Spinney Hill. Kupita ndi nyemba, kubwera ndi futali. Kupita ndi mpunga, kubwera ndi chigumu. Nthawi imene ndinadwala mwezi wathunthu linkabwera lodzaza, n'kubwerera ndi anyezi mmodzi, iye n'kumaseka kuti anyezi wanga ndi wokoma. Silinayendepo lopanda kanthu.

Ndalitsuka kawiri. Ndalipukuta mpaka kuwala, asadzaganize kuti munali chinthu chatayikira m'njira. Ndalimanga m'jumbo. Lachitatu madzulo amayi a ku tchalitchi amakumana ku mapemphero, ndipo Esnart sajomba.

"Anti, mukandiperekereko ili kwa Esnart."

Alikweza m'mwamba ngati akuyeza nkhuku pa msika. "Lapepuka bwanji?"

"Ndi mmene lilili."

Alitenga. Anti ndi namwino wakalekale, nkhope yawo suiwerenga. Akhoza kukuuza za maliro ndi za ukwati ndi nkhope yomweyo.

Shifiti ya masana ndaigwira maso ali pa wotchi. 6 koloko: akulandira. 6:05: akumasula jumbo. 6:06: akutsegula, akuona nkhope yake pansi pa bakuli. Ndaseka ndekha m'basi mpaka mayi wina wasintha mpando.

7:30, foni:

"Mwali wandiliritsa pamaso pa amayi onse. Mandasi otentha chonchi? Waphunzira liti? Ndimadziwa ine kuti mtima wako si woipa, ndi pakamwa pokha."

Mandasi ati?

Kufika kunyumba, khitchini yonse fungo la mafuta. Anti ali pa sofa, mapazi m'beseni.

"Mbale yopanda kanthu siituluka m'nyumba mwanga. Anthu sangati ndi iwe, azidzati kwa Nabanda."

Ndiye pofika pano Amalawi onse a mu Leicester akudziwa kuti:

- ndakhululuka
- ndine mwana wolongosoka
- ndimatha mandasi (mayi abusa atumiza kale uthenga, akufuna ndidzakazinge a pa Pasaka)

Wa ndevu uja analibe anti. N'chifukwa chake zake zinkayenda.

Ndamulembera Esnart: "Mawa unditenge pa geti la paki, 7 koloko." Kulemba si kulankhula.

LACHINAYI

Mfundo 3. Adikire.

Kubwezera kosaonerera n'kungotaya nthawi, ndiye 6:55 ndabisala pakona pa shopu ya nyama, tsidya lina la msewu. Kunja kudakali mdima. Mphepo yake yochita ngati ikukufunsa dzina.

7:00 galimoto yafika. Esnart pa nkhani ya ntchito sachedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachiganizire. Galimoto ili ndi hita.

7:05 akuimba. Sindikuyankha.
7:10 akugwetsera mpando kumbuyo.
7:15 wagona. Pakamwa pali yasa, ndikuona bwinobwino kudzera pa galasi.

Zimene zafa kwa ine:

- mphuno
- makutu onse awiri
- chala chija
- chinzake choyandikana nacho, chimene chinalibe mlandu

Mwini shopu, bambo wa ndevu zenizeni, watuluka kawiri. Kachiwiriko wandifunsa ngati pali munthu akundivutitsa kunyumba. Ndati ayi, ndikubwezera. Wandiyang'ana, wayang'ana nsapato zanga, walowa.

7:40 ndagogoda pa galasi. Akudzidzimuka, akupukuta dovu. "Mulungu akudalitse mwali, tulo timeneti ndimatifuna. Kupakira kwandipha." Pa mpando wakumbuyo pali bakuli, lofunda. Futali. Ndalikumbatira mpaka ku Braunstone. Chifukwa cha manja basi.

Zotsatirazi sizoseketsa.

Tafika kwa agogo Doreen titachedwa pafupifupi ola. Sangadzuke okha. Sangapite kuchimbudzi okha. Tawapeza atanyowa, bedi lonse, malaya ogonera mpaka kumsana, chipinda chozizira. Ndipo opepesa ndi iwo. "Pepani abakha anga, ndinayesetsa kudikira."

Esnart walemba m'buku la ofesi kuti wochedwetsa ndi iye, anagona m'galimoto. Sanandifunse kuti ndinali kuti.

Ndawasambitsa ndine. Pang'onopang'ono, madzi ofunda bwino, ndawapaka mafuta aja onunkhira amene amasungira Khirisimasi. Ndawerenga wani thuu firii motsitsa mawu. Akuti manja anga ndi abwino. Bola akananditukwana.

M'filimu muja mulibe nkhalamba yodikira pa bedi kuti wa ndevu amalize kaye zake. Anachita bwino kusaikamo. Bwenzi anthu akutuluka.

Futali ndadya nditakhala pansi. Mphamvu zoimirira ndinalibe.

Mfundo 3 tiiwale. Yatsala 4. Imeneyo siingapweteke wina aliyense.

LACHISANU

M'mawa, shifiti yake yomaliza. Agogo amupatsa sikafu yoluka okha, ya kalekale manja asanayambe kunjenjemera. Esnart walira. Ine ndimapinda mashiti a pa bedi, ndawapinda bwino kwambiri. Powakweza komaliza wawerenga nane limodzi, ndipo wathamangira firii monga mwa nthawi zonse.

Masana ndikufunsa Anti, mongodutsa, kuti phwandolo lili kuti, kuti ndidziwe kumene sindikupita.

"Muno."

Akuti anandiuza Lolemba. Lolemba ndinali ndi zambiri m'mutu.

Munthu ungajombe bwanji phwando lochitikira kunsi kwa bedi lako? Ndatsekera m'chipinda. Wa ndevu uja anakhala m'phanga masiku asanu ndi limodzi. Ine ndi madzulo amodzi okha.

Za m'phanga:

- mabisiketi, theka la paketi
- botolo la madzi
- maswiti a chifuwa atatu (ake)
- tchaja

Chimbudzi chili pansi, kudutsa pabalaza. Madziwo asamwedwe.

5 koloko. Anthu a 3 koloko ayamba kufika. Anti anawauza 3 kuti afike 5. Tonse timatero, ndipo tonse timadziwa kuti timatero. Esnart amanditero ine kuyambira ku sekondale. Kupatula za ntchito, akati 9 ndiye kuti ndi 10. Pa ukwati wa msuweni wake ku Nottingham anandinamiza maola awiri, ndipo ndinafika mkwatibwi akulowa.

Fungo la nkhuku likukwera masitepe limodzi ndi mawu a a Phiri: "Ali kuti uja wokamba maningi? Ise tifuna sipichi."

Mayi abusa: "Musiyeni, akulira. Anthu amenewa n'kuyambira fomu 2."

Sindikulira. Ndikunyowetsa bisiketi m'kamwa kuti isamveke.

Aimba nyimbo ziwiri. Apemphera, pemphero lalitali lotchula msewu wonse mpaka ku Scotland. Aseka. Wina wayankhula m'malo mwanga, sindinamve kuti ndani, koma zinali zazifupi ndiponso zosakoma. Ine ndikanawagwetsa ndi nkhani ya matiresi.

7 koloko, mapazi pa masitepe. Ndikuwadziwa, ndi a Esnart, amakoka lakumanzere. Sanagogode. Wakhala pansi, msana watsamira chitseko.

Ndikulemba monga ananenera.

"Mwali, ndikudziwa kuti si chimfine. Ndinadziwa Lachiwiri lomwe. Mandasi aja ndi a Anti, ako sakanafufuma. Dzulo ndinakuona pa shopu paja, chipewa chako chimaonekera ku Malawi. Ndinati ndione ngati ubwera wekha, tulo n'kundiba."

Chete.

"Tsiku la sinowo sindinaiwale. Ndinali m'galimoto, a ku Aberdeen amandifunsa mafunso a ntchito pa foni. Zinatalika. Nditamaliza ndinathamangira pa siteji, iwe palibe, foni yako siikulowa. Ndinazungulira Braunstone yonse. Ndikanakuuza zoona ukanafunsa kuti ntchito yake iti, ndipo ine pakamwa pako ndimapaopa. Ndinaona kuti bola uziti ndine woiwala."

Chete.

"Kochi ndi 10 koloko mawa. Ndidzaima panja pa depoti. Ngati sukufuna kulankhula usadzalankhule. Udzangowerenga wani thuu firii, ine n'kukwera."

Dzanja langa linali pa chitseko. Mawu analipo. Koma amene anatsogola kufika pakamwa onse anali akuthwa, ofewawo anali kumbuyo kwenikweni kwa mzere, ndiye ndinatseka pakamwa kuti akuthwawo asatuluke. Iye sangadziwe zimenezo. Kwa iye chete ndi chete.

Anakhala kanthawi. Kenako lakumanja, lakumanzere lokoka, mpaka pansi.

Mfundo 1 ndi mfundo 4 zatheka tsiku limodzi. Ndimayesa zidzakoma.

Ndipo ndikufuna kuchimbudzi.

LOWERUKA

6 koloko m'mawa. Ndaganiza. Ndimukhululukira, koma mwa dongosolo.

Masamu ake: wanena 10, ndiye kuti kochi ndi 11. Ine ndikafika 10:40. Adikira panja mphindi 40 zenizeni, wopanda hita, galimoto ili kwa a Phiri. Mfundo 3 yatheka, ndipo palibe nkhalamba yovutikirapo. Kenako ndimupatsa bakuli lodzaza, ndimunena pang'ono, osati kwambiri, tikumbatirana, ndimuwerengera, akwera. Aliyense wapeza chake.

Mandasi ndikazinga ndekha. Aone.

Anti atuluka 8 koloko kukamuthandiza zikwama. "Sukubwera?" Ndati nditsatira. Andiyang'ana ndi nkhope ija.

Ulendo woyamba: akuda kunja, aawisi mkati.
Wachiwiri: miyala. Alamu ya utsi yalira, ndaikupiza ndi chitenje mpaka mkono kutopa.
Wachitatu: asanu ndi awiri. Ukawaonera patali ndi mandasi.

9:30 ndakonzeka. Chibadwire changa sindinakonzekepo nthawi isanakwane. Ndakhala pa bedi, jasi nditavala, nsapato zabwino, bakuli pamiyendo, kudikira kuti nthawi yochedwa ikwane.

9:50 foni. Esnart. Ndamwetulira. Wayamba kuzizidwa.
9:57 kachiwiri. Ndaiyang'ana mpaka yasiya.

10:40 pa depoti. Panja palibe Esnart. Palibe zikwama. Pa benchi pali Anti okha, manja m'matumba a jasi.

"Yanyamuka 10 koloko. Kochi si Mmalawi."

Ndati wanena 10. Ati eya, wanena 10. Ndati koma akati 10 amatanthauza 11. Ati dzulo pa chitseko paja zonse ananena zoona, nanga nthawi yokha akananamiranji?

Ena omuperekeza anapita kale. Anti anatsala dala, akuti amadziwa kuti ndibwera.

"Waima panja pompa kuyambira 9:20. Timamuuza alowe mkati muli hita, akukana, akuti ungadutse osamuona. Dalaivala wachita kumuitana kawiri."

9:20 mpaka 10:00. Ndawerengera ndili chiimire. Mphindi 40 ndendende.

Anti atsegula bakuli, atenga limodzi, aluma. Atafuna nthawi yaitali, akuyang'ana pamene panaima kochi.

"Esnart akanaseka," atero.

Ndaimba. Ikungoitana. Ndaimbanso. Ikungoitana.

Anti akwera basi. Ine ndayenda wapansi mpaka ku Highfields, bakuli m'manja. Kulibe sinowo lero, msewu wouma, nsapato zabwino. Palibe woti ndimuloze chala.

LAMULUNGU

Ku tchalitchi sindinapite. Mayi abusa angandifunse za mandasi a Pasaka.

Uthenga wabwera m'mawa: "Ndafika. Kukuzizira. Bakulilo usunge."

Usunge. Bakuli limene anabwera nalo m'manja kuchokera ku Limbe. Zaka zitatu, kupatula milungu ya sinowoyi, sanandilolepo kukhala nalo kupitirira mlungu, ankachita kulilondola. Ndauwerenga kasanu kufunafuna poti mwali. Palibe.

Masana ndabwerera ku sinema. Ndakhalanso maola awiri kumuonera akukwawa, akutafuna makungwa, akupuma ngati ng'ombe. Ulendo uno sindimagwedeza mutu. Ndimangoganiza kuti munthu wamkulu ndevu zonsezo, palibe womuuza kuti bambo, kwanu si uko?

Mathero ake ndi awa. Akufika pa kanyumba kaja, mpeni m'manja. Akukankha chitseko. Mulibe munthu. Phulusa lozizira. Kuseri kuli manda, mnzakeyo anafa kalekale ndi chifuwa wamba. Chijasi chili pa msomali. Akuchivala, koma waonda kwambiri, chikungolendewera. Akukhala pansi pa khomo. Basi. Mayina akukwera.

Mzungu wa pambali panga akuti, "Zamphamvu." Ine ndikanaona mphindi zimenezi Lamulungu lapitalo, mwina agogo Doreen sakanagona m'mikodzo. Mwina. Ndikudzidziwa. Mwina ndikanangoti wa ndevuyo anachedwa, ine ndifulumira.

Madzulo za mphoto pa TV, ine ndi Anti. Filimu yathu yatenga. Wa ndevu uja wameta, wavala suti, nkhope yosalala ngati ya mwana wa kwaya. Amene wakhala pambali pake ndi wakuba chijasi uja. Akumbatirana, akumenyana pamsana, akuseka mpaka misozi. Pa nsanja akumuthokoza, akuti ndi mnzake wa pamtima.

Anti: "Si amene amafuna kuphana aja?"

"Ndi filimu, Anti."

"Eya. Iwo amadziwa."

Rota ya mawa yabwera. Kwa agogo Doreen ndili ndi dzina lachilendo. Sindikudziwa ngati ali ndi galimoto. Sindikudziwa ngati amathamangira firii.

Chala chija chabwerera lero m'bafa. Chikuwawa.

Dongosolo lija:

1. Zatheka.
2. Bakuli lili pa tebulo, mandasi asanu ndi limodzi, auma gwa.
3. Zatheka.
4. Zatheka.

Ndamulembera uthenga wautali wofotokoza masamu a 10 ndi 11. Ndafufuta. Wina woyamba ndi "koma iwenso". Ndafufuta. Wina wofunsa adiresi, kuti bakuli libwere pa positi ndi anyezi mmodzi. Umenewo ndausunga, nthawi yake sinakwane.

Ndatumiza zilembo zinayi zomwe zija. Ndinkati n'zopepuka. Zanditengera ola.

Uthengawo wafika, koma sanautsegule. Foni ili pa chivindikiro cha bakuli, ine pa mpando, jasi nditavala chifukwa Anti azimitsa hita.

Mphindi 40 zadutsa kale. Ndikudikirabe.